ZA KUFUPIKITSA MANAMBALA M'KATI MWA KOMPYUTA

Anzanga ophunzira, nkhani imene ndafuna kuika m'magazini athu caka cino ndi ya kacidutswa kaja kamatsala kumapeto kwa nambala, kamene ambiri a ife timangokataya pocita masamu osafunsa kuti kapita kwa yani. Ife a kuno ku Kasungu tiyenera kukasamala koposa anzathu ena, pakuti ndalama zimene zimatigoneka pa sukulu pano ambiri a ife zimacokera m'cigafa ca fodya, ndipo fodya amagulidwa poyesa pa sikelo. Si belo liri lonse limene limalemera makilogalamu athunthu, ndipo mtengo wa fodya ku msika wa Chinkhoma, monganso ku Kanengo, ku Limbe ndi ku Mzuzu, umachulidwa m'madola ndi masenti a ku Amereka pa kilogalamu iri yonse. Pocurukitsa kulemera ndi mtengo pamatsala kacidutswa, ndipo posintha madola kuti akhale makwacha pamatsalanso kena. Masiku ano masamu otere amacitidwa ndi kompyuta. Cotero ndifuna kufotokoza m'mene makina amenewa amaweruzira mlandu wa kacidutswa, kuyambira pa malamulo ace kufikira pa mau eni-eni amene wolemba pulogalamu amauza makina.

1. Kufupikitsa ndi ciani?

Kufupikitsa nambala ndiko kuika nambala ya zilembo zocepa m'malo mwa nambala ya zilembo zambiri, monga kunena 94 m'malo mwa 93.75. Timatero cifukwa ndalama ziri ndi pothera pace, sikelo iri ndi pothera pace, ndiponso pepala lolembapo liri ndi malire.

Akuru-akuru a kwathu amene anaona caka ca 1971 anakumana nao mlandu umenewu pamaso. M'caka cimeneco dziko lathu linasiya mapaundi, mashereni ndi makobiri, ndi kuyamba kugwiritsa nchito kwacha ndi tambala. Paundi imodzi inasanduka makwacha 2, shereni inasanduka matambala 10, ndipo sikisipensi inasanduka matambala 5. Kufikira pamenepo zonse zinali kugawika bwino. Koma m'paundi munali makobiri 240, pamene m'makwacha 2 muli matambala 200 okha. Cotero kobiri limodzi linali 0.8333 wa tambala, ndipo ma 3 amenewo alibe pothera. Mtengo wa makobiri atatu, umene ankauchula kuti tiki, unagwa pakati peni-peni, pa matambala 2.5. Tsono mwini sitolo akadati kanthu ka tiki kakhale ka matambala 3, munthu wogula tiwiri akadalipira 6 pamene kale anali kulipira sikisipensi, imene iri matambala 5. Akadati kakhale ka matambala 2, wolira akadakhala mwini sitoloyo. Apa tiona kuti kacidutswa sikasowa: kamapita kwa wogula kapena kwa wogulitsa.

Malamulo ofupikitsira alipo anai, ndipo ndi awa:

Loyamba ndi kutsitsa, ndiko kupita ku nambala yathunthu ya m'munsi: 93.75 ikhala 93.

Laciwiri ndi kukweza, ndiko kupita ku nambala yathunthu ya pamwamba: 93.25 ikhala 94.

Lacitatu ndi kudula, ndiko kutaya zonse zimene ziri kumanja kwa kadontho osaziyang'ana n'komwe.

Lacinai ndi kutsata yoyandikira: 93.25 ikhala 93, koma 93.75 ikhala 94.

Wina adzafunsa kuti, kodi kutsitsa ndi kudula si cinthu cimodzi? Ziri cimodzi pamene nambala iri yoposa ziro, koma zimapatukana pa nambala zocepera ziro. Tinene kuti mlimi anakongola feteleza ndipo m'buku mwalembedwa -93.75. Mukadula mupeza -93, ndipo ngongole yacepa. Mukatsitsa mupeza -94, pakuti -94 ndiyo iri m'munsi mwa -93.75, ndipo ngongole yakula. Wolemba pulogalamu amene asokoneza malamulo awiriwa adzakondweretsa munthu mmodzi ndi kuliza wina.

2. Mlandu wa theka

Lamulo lacinai liri ndi pobvuta pace, ndipo ndi pa theka peni-peni, monga pa tiki paja. Nambala 92.5 iri pafupi ndi 92 monga m'mene iri pafupi ndi 93. Ku pulaimale tinaphunzira kuti 5 amakweza nthawi zonse. Lamulo limenelo ndi lapafupi kulikumbukira, koma limapendekera mbali imodzi. Makompyuta ambiri amatsata lamulo lina, lakuti pa theka tipite ku nambala yogawika pawiri, monga 90, 92 ndi 94.

Tiyese ndi mabelo anai olemera makilogalamu 90.5, 91.5, 92.5 ndi 93.5. Onse pamodzi alemera makilogalamu 368. Tikadula tipeza 90, 91, 92 ndi 93, ndiwo 366, ndipo mlimi wataya makilogalamu 2. Tikatsata lamulo la ku pulaimale tipeza 91, 92, 93 ndi 94, ndiwo 370, ndipo wogula walipira makilogalamu 2 amene sanalandire. Tikatsata lamulo la nambala yogawika pawiri tipeza 90, 92, 92 ndi 94, ndiwo 368, monga m'mene sikelo inaonera. Belo lina latsika, lina lakwera, ndipo zolakwazo zafafanizana zokha.

Kudula ndiko kumapweteka kwambiri, cifukwa sikubwezera konse. Tiyerekeze ndi masamu cabe. Munthu akamadula kulemera kwa belo liri lonse kufikira pa kilogalamu yathunthu, belo lina litaya pang'ono, lina litaya pafupi-fupi kilogalamu yonse, ndipo pakati-kati belo liri lonse litaya ngati theka la kilogalamu. Pa mabelo 40 ndiye kuti patayika makilogalamu ngati 20, ndipo mtengo ukakhala madola 2 pa kilogalamu, ndiwo madola 40. Mwana wa mlimi ali yense adziwa kucuruka kwa masamba amene ayenera kuthyoledwa, kusokedwa, kuumitsidwa ndi kusankhidwa kuti akwane makilogalamu 20. Akuru anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo, ndipo mwambiwu uli woona pa kutaya monganso pa kusonkhanitsa.

3. M'mene kompyuta imasungira nambala ya kadontho

Kompyuta siidziwa zilembo khumi zimene ife timawerengera. Imadziwa ziwiri zokha, 0 ndi 1, ndipo ciri conse ca izo cimachedwa biti. Ife malo a zilembo timawawerenga kuti amodzi, makumi, mazana. Makina amawawerenga kuti 1, 2, 4, 8, 16, 32, 64. Kumanja kwa kadontho malo oyamba ndi theka, aciwiri ndi kota, acitatu ndi theka la kota, ndipo amacepa comweco.

Titenge belo la makilogalamu 93.75. Nambala 93 ndi 64 kuphatikiza 16, 8, 4 ndi 1, cotero m'mabiti ilembedwa 1011101. Kacidutswa 0.75 ndi theka ndi kota, ndiye 11 kumanja kwa kadontho. Nambala yonse ikhala 1011101.11.

Tsono makina sasunga kadontho pamene kali. Amakasuntha kufikira katakhala kumbuyo kwa 1 woyamba, ndipo amalemba padera kucuruka kwa malo amene akasuntha. Nambala yathu ikhala 1.01110111, ndipo kadontho kasuntha malo 6. Cifukwa ca kusuntha kumeneku manambala otere amachedwa floating point m'Cingerezi, ndiko kunena manambala a kadontho koyendayenda.

Kale fakitale iri yonse yopanga makompyuta inali ndi kasungidwe kace, kotero kuti samu imodzi inali kuturuka mosiyana pa makina osiyana. M'caka ca 1985 kunakhazikitsidwa muyeso umodzi wochedwa IEEE 754. Munthu amene anatsogolera maganizo ace ndi William Kahan, katswiri wa masamu wobadwira ku Canada amene anaphunzitsa pa University of California ku Berkeley. Iye anathandizanso kampani ya Intel pokonza kacipangizo kocitira masamu kochedwa 8087, kamene kanaturuka mu 1980, ndipo mu 1989 analandira mphotho ya Turing. Malamulo anai aja ali m'muyeso umenewu, ndipo lamulo lotsata yoyandikira, lopita ku nambala yogawika pawiri pa theka, ndilo limagwira nchito ngati wolemba pulogalamu sanasankhe lina.

M'muyesowu nambala yaing'ono imatenga mabiti 32. Biti yoyamba inena ngati nambala iri yoposa ziro kapena yocepera ziro. Mabiti 8 otsatira anena malo amene kadontho kasuntha, ataphatikizapo 127. Mabiti 23 otsiriza asunga zilembo za kumanja kwa kadontho. 1 woyamba uja salembedwa, popeza adziwika kale kuti alipo. Belo lathu likhala motere:

0 10000101 01110111000000000000000

Gulu la pakati ndi 133, ndiye 127 kuphatikiza 6. Nambala yaikuru imatenga mabiti 64: imodzi, kenaka 11, kenaka 52, ndipo m'malo mwa 127 imaphatikiza 1023.

Pali cinthu cimodzi cimene tiyenera kucigwiritsa. Monga kobiri silinakwane m'tambala, comweconso 0.1 sakwana m'mabiti, alembedwa 0.000110011001100 ndipo 1100 abwerezedwa kosatha. Makina amasunga nambala yoyandikana naye cabe. Ncifukwa cace kompyuta ya mabiti 64 ikaphatikiza 0.1 ndi 0.2 imapeza 0.30000000000000004. Ndiponso mtengo wa madola 2.675 umasungidwa ngati 2.67499999999999982, kotero kuti pofupikitsa kufikira pa masenti makina apeza 2.67, pamene munthu wa pensulo akadapeza 2.68.

4. Kudula nambala ndi cilankhulo ca assembly

Assembly ndi cilankhulo ca pansi peni-peni, cimene mzere uli wonse uli lamulo limodzi kwa makina. M'kati mwa purosesa, ndiko kuti ubongo wa kompyuta, muli timatumba tocepa tosungira manambala pamene akugwiridwa nchito. Timeneti timachedwa marejisita. Pa mapurosesa a mtundu wa Intel tina timachedwa eax, ecx ndi edx, ndipo kali konse kamasunga mabiti 32. Wolemba assembly afanana ndi munthu wosankha fodya pa mphasa: tsamba liri lonse amaligwira yekha ndi dzanja, ndipo palibe wina womucitira.

Ganizo lace ndi ili. Ngati kadontho kanasuntha malo 6, ndiye kuti mwa mabiti 23 aja, 6 oyamba ndi a nambala yathunthu, ndipo 17 otsala ndi a kacidutswa. Kudula ndiko kusandutsa mabiti 17 amenewo kuti akhale 0. Tinene kuti nambala yathu iri kale mu eax. Mizere yace ndi iyi:

mov ecx, eax
shr ecx, 23
and ecx, 255
sub ecx, 127
mov edx, 8388607
shr edx, cl
not edx
and eax, edx

Mzere woyamba ukopera nambala mu ecx kuti yeni-yeniyo isaonongeke. Waciwiri ukankhira mabiti kumanja malo 23, ndipo mabiti 23 a kumapeto agwa. Wacitatu usiya mabiti 8 okha, ndi kucotsa biti ija yonena ngati nambala iri yocepera ziro. Mu ecx mutsala 133. Wacinai ucotsa 127, ndipo mutsala 6. Wacisanu uika mu edx nambala 8388607, imene m'mabiti iri ma 1 okwana 23. Wacisanu ndi cimodzi ukankhira ma 1 amenewo kumanja malo 6, pakuti cl ndi mbali ya m'munsi ya ecx. Patsala ma 1 okwana 17, ndipo akhala moyang'anizana ndi mabiti a kacidutswa. Wacisanu ndi ciwiri utembenuza 1 ali yense akhale 0 ndi 0 ali yense akhale 1. Wotsiriza ugwira nchito ngati sefa: biti ya mu eax ipyola pokhapo pamene mu edx muli 1. Cotsala ndi ici:

0 10000101 01110100000000000000000

Imeneyi ndi 1.011101 ndi kadontho kosuntha malo 6, ndiye 1011101, ndiye 93.

Mizere isanu ndi itatu imeneyi siikwanira yokha, cifukwa pali manambala ena amene ayenera kupatulidwa poyamba. Mukacotsa 127 ndi kupeza nambala yocepera ziro, ndiye kuti nambala yonse siifika pa 1, monga 0.75, ndipo yankho la kudula ndi 0. Mukapeza 23 kapena kuposa, ndiye kuti nambalayo iribe kacidutswa konse, ndipo iyenera kusiyidwa monga iri. Wolemba pulogalamu aika malamulo ofanizira ndi olumphira patsogolo pa mzere wacisanu kuti manambala otere asalowe m'sefa.

Kutsitsa kumangoonjeza kanthu kamodzi. Nambala ikakhala yocepera ziro, monga ngongole ija ya -93.75, timaphatikiza ma 1 okwana 17 aja ku eax tisanasefe. Ngati panali kacidutswa, ngakhale kocepetsetsa, kuphatikizako kumasefukira m'biti yotsiriza ya nambala yathunthu, ndipo 93 akhala 94. Ngati panalibe kacidutswa, sipasefukira kanthu, ndipo sefa icotsa zimene tinaonjeza. Cokondweretsa ndi cakuti potsitsa -127.5, kusefukira kumapitirira kufikira m'mabiti 8 apakati aja, ndipo yankho lituruka -128 popanda mzere wina woonjeza. Amene anaika magulu atatuwo mu ndondomeko imeneyi anaganiza patali. Kukweza ndi cimodzi-modzi, koma timaphatikiza pamene nambala iri yoposa ziro. Manambala osafika pa 1 apatulidwanso kuno: -0.75 potsitsa akhala -1, ndipo 0.75 pokweza akhala 1.

5. Kutsata yoyandikira

Pa lamulo lacinai makina amayang'ana zinthu zitatu: biti yoyamba kumanja kwa kadontho, imene iri theka, mabiti onse otsatira, ngati mwa iwo muli 1 ngakhale mmodzi, ndi biti yotsiriza ya nambala yathunthu. Biti ya theka ikakhala 0, atsitsa. Ikakhala 1 ndipo kumbuyo kwace kuli 1 wina, akweza, monga pa 1011101.11 imene ikhala 94. Ikakhala 1 ndipo kumbuyo kwace kuli ma 0 okha-okha, ndiye theka leni-leni, ndipo mlandu uweruzidwa ndi biti yotsiriza. Pa 92.5, imene iri 1011100.1, biti yotsiriza ndi 0, cotero nambala iri kale yogawika pawiri ndipo ikhala 92. Pa 93.5, imene iri 1011101.1, biti yotsiriza ndi 1, cotero akweza kufika 94. Lamulo limene pa pepala lioneka lacilendo, kwa makina ndi kuyang'ana biti imodzi basi.

Pali njira ziwiri zacidule zimene anthu amakonda. Yoyamba ndi kuphatikiza 0.5 kenaka kutsitsa. Imaoneka yabwino, koma ndi cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Poyamba imakweza theka liri lonse, ndipo taona kale kupendekera kwace. Kaciwiri, pa mabiti 64 pali nambala 0.49999999999999994, imene siifika pa theka ndipo iyenera kukhala 0. Mukaphatikiza 0.5, yankho leni-leni silikwana m'mabiti 52, makina alifupikitsa likhale 1, ndipo kutsitsa kusiya 1 yemweyo.

Njira yaciwiri ndi yanzeru. Sikelo yoyesera galimoto siimva kulemera kwa tsamba limodzi la fodya. Comweconso nambala ya mabiti 32 ikafika pa 8,388,608, siikhalanso ndi malo osungira kacidutswa. Tsono mukaphatikiza 93.75 ku 8,388,608, yankho 8,388,701.75 silikwana, ndipo makina okha alifupikitsa likhale 8,388,702. Mukacotsanso 8,388,608 mutsala ndi 94. Mukayesa ndi 92.5 mutsala ndi 92. Njira imeneyi igwira pa manambala oposa ziro amene sanafike pa 8,388,608, ndipo yankho la kuphatikiza liyenera kusungidwa m'mabiti 32, osati ocuruka.

Mapurosesa ambiri ali ndi malamulo ao-ao ocitira nchito yonseyi ndi mzere umodzi. Pa 8087 ndi zidzukulu zace pali lamulo lochedwa FRNDINT, limene limafunsa mabiti awiri a m'kathumba kapadera: 00 ndi kutsata yoyandikira, 01 kutsitsa, 10 kukweza, 11 kudula. Amene asintha mabiti awiriwo ayenera kuwabwezera akatha, monga khasu lobwereka, cifukwa akaiwala masamu onse otsatira adzatsata lamulo lace mosadziwa. Mu 2007 Intel inaturutsa lamulo lina lochedwa ROUNDSD, limene limanyamula lokha nambala 0, 1, 2 kapena 3 yosankhira njira. Pa mapurosesa a ARM a mabiti 64, amene ali m'mafoni ambiri a m'manja, njira iri yonse iri ndi dzina lace: FRINTN yoyandikira, FRINTM kutsitsa, FRINTP kukweza, FRINTZ kudula, ndi FRINTA imene pa theka imathawa ziro monga lamulo lathu la ku pulaimale. Komabe timakina ting'ono-ting'ono tambiri, monga tina ta m'masikelo ndi m'mamita, tiribe malamulo otere, ndipo kumeneko munthu ayenera kulemba yekha monga tacitira pamwambapa.

6. Zimene zinaoneka kwina

Wina angaganize kuti izi ndi zosewera za ana a sukulu. Ku Vancouver m'dziko la Canada, msika wogulitsirapo magawo a makampani unayambitsa mu January 1982 nambala yosonyeza kayendedwe ka mitengo, ndipo inayambira pa 1000. Nambalayo inali kuwerengedwanso pafupi-fupi ka 3,000 pa tsiku, ndipo nthawi iri yonse kompyuta inali kudula pa cilembo cacitatu kumanja kwa kadontho m'malo motsata yoyandikira. Pofika November 1983 inali itatsika kufika pa 524.811. Ataiwerenganso bwino anapeza kuti iyenera kukhala 1098.892. Tizidutswa tosaoneka ndi maso tinadya theka la nambala yonse m'miyezi 22.

Cina ndi comvetsa cisoni. Pa 25 February 1991, pa nkhondo ya ku Gulf, cida cochinjiriza cochedwa Patriot cinalephera kugwetsa mzinga wa Scud ku Dhahran m'dziko la Saudi Arabia, ndipo asilikali 28 a ku Amereka anafa. Wochi ya cidaco inali kuwerenga nthawi m'magawo a 0.1 wa sekondi, ndipo 0.1 uja, amene tanena kuti sakwana m'mabiti, anali atadulidwa kuti alowe m'mabiti 24. Cidaco cinakhala coyatsa maora ngati 100, ndipo kulakwako kunaunjikana kufika 0.34 wa sekondi. M'kanthawi kameneko mzinga wa Scud umayenda mtunda woposa theka la kilomita, cotero cidaco cinaufuna pamene panalibe.

7. Zoti tisunge

Ine ndiganiza kuti pa zonsezi tiyenera kutolapo zinthu zitatu, kaya tidzakhale olemba mapulogalamu, akalaliki, aphunzitsi kapena alimi monga makolo athu.

Coyamba, fupikitsani kamodzi kokha, pa mapeto pa samu. Nambala 92.45 iri pafupi ndi 92. Koma mukayamba kuifupikitsa ikhale 92.5, kenaka muifupikitsenso ndi lamulo la ku pulaimale, mupeza 93.

Caciwiri, ndalama musaziwerenge ndi kadontho koyendayenda. Ziwerengeni m'masenti kapena m'matambala athunthu, monga 267 m'malo mwa 2.67, pakuti nambala yathunthu imakwana m'mabiti popanda cotsala.

Cacitatu, lamulo lofupikitsira lilembedwe poyera kuti wogula ndi wogulitsa alidziwe. Makina alibe dyera ndipo alibe cifundo. Amacita cimene munthu anawalembera, ndipo amacibwereza pa belo liri lonse la mlimi ali yense. Ife amene makolo athu akutilipirira sukulu ndi thukuta la m'munda tingathe kuwathandiza pa chuthi mwa kutenga pepala la malonda a fodya, kucurukitsa kulemera ndi mtengo pa belo liri lonse, ndi kuwafotokozera m'mene nambala iri yonse yafikira pamenepo. Pamene sitikumvetsa tifunse mwaulemu kwa oyang'anira, pakuti safunsa anadya phula.

Mafunso

1. Lembani 46.5 m'mabiti. Kodi kadontho kasuntha malo angati, ndipo gulu la mabiti 8 likhala nambala yanji?

2. Fupikitsani -7.5 ndi malamulo onse anai.

3. Podula 1000.25 ya mabiti 32, kodi mu edx mutsala ma 1 angati pambuyo pa mzere wacisanu ndi cimodzi?

4. Kodi makobiri 9 anali matambala angati mu 1971? Fupikitsani yankho lanu ndi lamulo la nambala yogawika pawiri.

Amene apeza mayankho abwere nao ku gulu lathu la masamu Laciwiri madzulo tisanapite ku cakudya, ndipo tidzayesa pamodzi pa kompyuta ya sukulu.

Wophunzira wa Fomu 3